Ndowa ya Mpunga wa Lachisanu

Linali Loweruka la mu Januwale, nthawi ili 2 koloko masana, pamene apongozi anga aamuna, a Nyoni, anaweramira m'ngalande ya kumunda n'kuyamba kusanza. Nthawiyo ndikuidziwa chifukwa iwo anali ndi wotchi ya pamkono, ndipo chilichonse chochitika pamudzi ankachitchulira nthawi yake. Ataweramuka anapukuta pakamwa ndi mkono wa malaya, anayang'ana wotchi ija n'kunena kuti ndi 2 koloko. Kenako anaweramanso.

Ana inu, nkhani iyi ndikulemba chifukwa cha iwe Esinala. Dzana ndinakuona ukutsekula chimbale chako chija umati fudiwoma, ukununkhiza mpunga umene unaphika dzulo lake, n'kunena kuti ukadali wofunda ndiye ulibe vuto. Ndinafuna kukuyankha koma panali anzako, ndipo mukudziwa kuti pakamwa panga pamalemera pakakhala anthu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, komabe cholembera chimandimvera kuposa lilime. Iwe Layisoni uwawerengere anzako. Foniyo uyambe waiika pansi, siithawa.

Nthawi imeneyo n'kuti nditatha zaka ziwiri ndili mtengwa pamudzi wa agogo anu aamuna, a Faniwelo, kumunsi kwa Golomoti. Kwathu ndi cha ku Mua, m'tsinde mwa phiri. Akwawo kwa agogo anu anali aja amati akapereka ng'ombe kuchikazi, mkazi amapita kwa mwamuna ndipo ana amakhala akuchimuna. Ng'ombe ziwiri zinapita kwa amalume anga, ine n'kubwera kuno ndi zitenje zitatu, mphika ndi mthiko. Banja lotere likatha mkazi amabwerera kwawo yekha, ana amatsala. Izi muzikumbukire, chifukwa bambo anu, Lusiyano, anali kumbuyo kwangaku, wa chaka chimodzi ndi theka, akuyamwabe.

Manyazi ndinabadwa nawo, ndiye alangizi a paukwati anangowonjezera nkhuni pamtolo. Anati mtengwa salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso, sadya iwo akuona, ndipo akakumana nawo panjira amapatukira paudzu n'kugwada. Anatinso mphika wa apongozi aakazi saunenera kanthu, kaya mchere wachuluka kaya wapserera. Atsikana ena malamulo amenewa ankawavuta. Ine ndikanawasunga ngakhale akanapanda kundiuza. Ndinamva kuti tsiku lina a Nyoni anafunsa mwana wawo ngati mkazi uja anabwera ndi lilime kapena analisiya kwa amalume ake pamodzi ndi ng'ombe.

Sikimu yothirira mpunga ya ku Bwanje inali isanabwere. Mpunga tinkawokera m'dambo, madzi ake a mvula, ndipo mvula ikagwa mokwanira ntchito yonse inkafunika kutha m'masiku owerengeka mbande zisanakalambe. Lero mumangolemba aganyu, mwini munda n'kumayang'anira ali pa njinga yamoto. Ife tinkaitana dima. Umauza anansi ndi abale kuti tsiku lakuti adzakuthandize, iwe n'kuwaphikira chakudya choti akachikumbukire, ndipo tsiku lawo likafika nawenso umapita. Munda wa munthu wophika bwino sunkasowa anthu.

Apongozi anga aakazi, aNangozo, anali otero. Pamaliro ndi paukwati chipande ankagwira ndiwo, ndipo amayi ena ankangoima pambali kudikira kuuzidwa kuti mchere wakwana. Sabata imeneyo mvula inagwa kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, nkhuni zonse n'kunyowa. Lachisanu kunacha ndi dzuwa. ANangozo anati tiphikiretu tsiku lomwelo, kuopa kuti mvula ingabwererenso, komanso ankafuna kuti Loweruka alawirire kumunda, chifukwa anthu a dima ukapanda kuwayang'ana amabzala mbande motalikirana kuti athe msanga. Amuna anapha mbuzi m'mawa n'kupita kudambo kukazula mbande. Pakhomo tinatsala awiri ndi mwana.

Dzuwa lisanafike paliwombo zonse zinali zitapsa. Tinathira mpunga m'ndowa yachitsulo, zija zinali ndi chogwirira cha waya, osati zapulasitiki zanuzi zimene zimang'ambika ukaziyang'anitsitsa. Pamwamba pa mpungawo apongozi anathirapo nyama ndi msuzi wake zikadali zowira, kuti msuzi ulowerere mpaka pansi. Tinavundikira ndi beseni n'kumanga ndi chitenje. Kenako anandituma kukatenga bulangete la a Nyoni, tinafunditsa ndowa yonse n'kuiika pakona m'nyumba mwawo. Anati mawa anthu akadye chofunda, asakanene kuti kwa aNangozo anawapatsa zozizira ngati alendo osafunidwa.

Nyumba imeneyo inali yokhayo yamalata pamudzi, ndipo kutentha kwa kuno mu Januwale mukukudziwa. Ukalowamo masana unkatuluka ngati wasamba.

Mwina mukuti, nanga agogo, simunkadya chakudya chogona? Tinkadya. Takulira mkute ife. Koma mkute unkagona pambale, wouma, mphepo ikuuomba, ndipo m'mawa tinkauotcha pamakala mpaka kunja kwake kuchita khambi. Ndiwo zikatsala tinkaziwiritsanso madzulo, m'mawa n'kuziwiritsanso. Zofunditsa chakudya bulangete tsiku lathunthu ndi usiku wake ndinali ndisanazionepo kwathu. Ndinangoganiza kuti ndi nzeru za anthu a nyumba zamalata.

Loweruka anthu anayamba kuwokera kusanayere bwino. Analipo khumi ndi anayi, kuphatikizapo mlamu wanga Velonika, mchemwali wa agogo anu, amene anakwatiwa mudzi wina ndipo anangofika m'mawa womwewo. Dzuwa litakwera ndinasenza ndowa ija kupita nayo kudambo, mwana kumbuyo. Pamutu ndinkaimva kufunda.

Nditachotsa beseni, fungo linandipeza. Silinali fungo la chinthu chowola ayi. Linali ngati la thobwa limene layamba kusasa. Mumsuzi munali tithovu ting'onoting'ono, ndipo nditapisa chipande mpunga unakoka ulusi ngati therere. Ndinayang'ana apongozi aakazi. Anali m'matope mpaka m'mawondo, ndipo anangondikodola ndi chibwano kuti ndigawe. Ndinagawa.

Anthu anali ndi njala ya kuyambira m'bandakucha, tsabola analiponso. Bambo wina anati msuziwo ukumveka kowawasa pang'ono. Apongozi anati ndi matimati. Bambo uja anavomera kuti matimati a chaka chimenecho analidi otero, n'kupempha kuti ndimuwonjezere.

Ine, poti a Nyoni anali pomwepo, ndinatenga kambale ka mwana n'kupita kuseri kwa chulu. Ndinalawa ndi nsonga ya lilime n'kulavula. Mpunga wa m'kambale ndinaukhuthulira paudzu, mwana ndinamupatsa bere, ine n'kudya mango awiri amene ndinatola panjira. Potembenuka ndinaona Velonika ataima chapafupi, akumanga chitenje. Anayang'ana paudzu paja, anandiyang'ana ine, n'kubwerera kwa anzake.

Apa ndisakubisireni. Nzeru zoteteza mwana wanga ndinali nazo, koma pakamwa pochenjezera anthu khumi ndi anayi ndinalibe. Ndinkadziuza kuti mwina mphuno yanga ndiyo yolakwa, kuti munthu wophikira maukwati sangasokere pamene kamtsikana kolekeza Sitandade 4 kakuona njira. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kumva mawu anga akutuluka pagulu.

Ndiye inakwana 2 koloko ija. A Nyoni atayamba, ena anatsatira mmodzimmodzi ngati akulandira mgonero. Poyamba kunali kusanza, kenako m'mimba munatsekuka. Dambo lija linalibe tchire, linali ndi chulu chimodzi chokha chija. Ulemu unayesedwa tsiku limenelo. Anthu amene ankapatukirana panjira anapezeka ataima pamzere umodzi, aliyense akuyang'ana kumwamba ngati akuyeza mvula. Apongozi aakazi anapirira kuposa onse. Kenako anati akukaona mbande za kutsidya, ndipo anayenda mwachifatse mpaka pamene ankaganiza kuti sitikuwaona.

Achinyamata ankagwa n'kudzuka, koma a Nyoni anali munthu wamkulu. Pofika chakumadzulo maso anali atalowa, milomo itauma, ndipo madzi aliwonse amene ankamwa ankabwerera. Mnansi wina amene anachedwa kubwera ku dima, n'kupeza mbale zitatha kale, anamanga ng'ombe zake pangolo. Iye uja anali atadandaula kwambiri kuti sitinamusungire. Anawanyamula a Nyoni kupita nawo kuchipatala, agogo anu ali pambali atagwira bambo awo ndi dzanja limodzi, linalo atagwira mimba yawo. Inu lero munthu akadwala mumaimbira wa kabaza, asanathe kubuula wafika. Ngolo inkayenda monga mwafunira ng'ombe, ndipo ng'ombe sizidziwa kuti munthu akufa.

Mwini ngolo anabwerako yekha kutada kale. Anati a Nyoni awagoneka ndipo awaika diripu, a Faniwelo atsala konko kuwadikirira. Anati anamwino anafunsa kuti chakudyacho chinaphikidwa liti, ndipo a Faniwelo anayankha kuti m'mawa womwewo, poti anachidya chofunda. Sananame dala, Lachisanu lonse anali kudambo. Ndiye anamwino anafunsanso ngati pafupi ndi chakudyacho panali mankhwala opopera thonje. Linali funso chabe, koma pofika pamudzi linali litasanduka yankho.

Velonika anadzuka pamphasa pamene anagona. Anauza akuluakulu amene ankatha kukhala tsonga kuti pa anthu onse amene anali kudambo nthawi ya chakudya, awiri okha ndiwo sanadwale, mayi ndi mwana wake. Anati anandiona ndi maso ake ndikutaya mpunga wa mwana kuseri kwa chulu, chakudya chisanavute aliyense. Anafunsa kuti ndinadziwa bwanji. Wina anakasuzumira patsindwi la nyumba yanga n'kupezapo botolo la mankhwala a thonje. Botolo lotero linali patsindwi la nyumba iliyonse pamudzipo, koma tsiku limenelo anasuzumira panga pokha. Wina anati anthu ofatsa kwambiri ndi oopsa, sudziwa zimene akuphika m'mutu.

Anandifunsa kuti ndinene. Ndinagwada, maso pansi. Kuti ndidziyeretse ndinayenera kunena pamaso pa mudzi wonse kuti aNangozo, ophikira maliro ndi maukwati, adyetsa anthu chakudya chovunda.

Ndowa inali itabwerako kudambo, pansi pake patatsala mpunga. Velonika anapisamo chipande, anathira pambale n'kundiikira patsogolo.

"Alamu, idyani. Si munatigawira bwino ife? Nafenso tikugawireni."

Ndinasamba m'manja n'kutapa. Ndikanadya, ana inu. Kudya kunali kopepuka kusiyana ndi kulankhula. Dzanja lili m'njira, apongozi aakazi, amene anagona pakhonde atayang'ana kukhoma, analankhula osatembenuka.

"Musiyeni. Akuyamwitsa."

Ndinadikira kuti apitirize. Sanapitirize. Pamenepo ndinadziwa kuti iwo akudziwa, komanso kuti sanena.

Akuluakulu anagwirizana kuti mawa lake, anthu akatuluka m'tchalitchi, atume munthu ku Mua kuti amalume anga adzanditenge. Anatinso mwana agone m'nyumba ya apongozi, kuopa kuti ndingathawe naye. Velonika anamumasula kumbuyo kwanga yekha. Ndinamuthandiza kumasula mfundo ya chitenje, chifukwa inali yolimba. Za usiku umenewo palibe chonena. Mawere anadzadza, ndipo nyumba ziwirizo zinali zoyandikana moti ndinkamva zonse.

Kutangoyera ndinatuluka. Ndowa inali pakhonde, palibe amene anafuna kuigwira. Ndinaivundikira ndi beseni lija, ndinaisenza n'kulowa njira ya kuchipatala. Ndinalibe nzeru yeniyeni. Ndinangoganiza kuti ngati mawu andikanikanso, ndowayo ikanena yokha. Ndi ulendo wa maola awiri wapansi. Anthu olawirira kutchalitchi ankandipatsa moni ali patali, akandiyandikira n'kupatuka. Ntchentche zokha ndizo zinandiperekeza mpaka kufika.

Ndinapeza a Nyoni ali pabedi, diripu ili pamkono, agogo anu atakhala pansi atatsamira khoma. Anamwino, mayi wamkulu wovala magalasi, anali pomwepo akusintha botolo. Ndinatula ndowa pakhomo n'kugwada. Ndinayamba kulankhula, koma anamwino anati sakumva, ndikweze mawu, kuno si kolapa machimo. Ndinakweza. A Nyoni anatembenuza mutu kuti aone amene akulankhula.

"Chakudyachi tinaphika Lachisanu masana. Tinathira m'ndowa chili chotentha, tinavundikira, n'kufunditsa bulangete mpaka dzulo. Nditatsekula kudambo ndinamva fungo. Mwana sindinamupatse. Koma sindinanene."

Anamwino anakweza beseni pang'ono, analibwezera msanga, n'kuuza agogo anu kuti ndowayo akaiike kutali ndi mawindo. Kenako anatifotokozera. Anati muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'fumbi, m'manja, ngakhale pampunga wosaphika, ndipo tina moto sutimaliza. Chakudya chikakhala chotentha kwambiri sitiswana, chikazizira kwambiri timagona. Chimene timakonda ndi kufunda kwa pakati, kuja kwa m'khwapa. Anati ife tinatifungatira ngati nkhuku pamazira, tsiku ndi usiku, ndipo tinaswa bwino. Anatinso mpunga ukafika pamenepo ngakhale kuutenthetsanso sikuthandiza, chifukwa tizilomboto timasiyamo poizoni wake amene samva moto. Za mankhwala a thonje anati tiiwale, matenda ake saoneka choncho ndipo botolo lisanamiziridwe.

Wamva, Esinala? Chimbale chako chija ndi bulangete lomwelo, kungoti chili ndi maluwa. Phika chokwanira tsikulo, mudye chikadali chotentha. Chikatsala chiyale pambale chizizire msanga, ndipo ngati magetsi alipo chilowe mufiriji ya amayi ako. Ngati azima, monga amachitira, patsa nkhuku chisanagone.

A Nyoni anandiyang'ana. Kenako anandifunsa ine mwini, osadzera mwa mwana wawo, kuti nanga ndinalekeranji kunena.

"Ndinachita manyazi, bambo."

Anati manyazi anga awagoneka pabedi la eni ndi singano pamkono, ndipo ulendo wina ndikamva fungo ndidzachite mwano, adzandikhululukira ali kunyumba kwawo. Anafunsa kuti mwana ali kuti, poti sanazolowere kundiona msana uli pamtunda. Ndinawauza zimene akuluakulu anagwirizana. Agogo anu anaimirira msanga mpaka anachita chizungulire n'kugwira khoma. A Nyoni anawauza kuti abwereke njinga, akafike pamudzi tchalitchi chisanatuluke, akanene kuti ku Mua sikupita munthu, ndipo amene ali ndi mafunso abwere adzanunkhize ndowa. Anawonjezera kuti bulangete lawo lichapidwe kawiri.

Mlonda wa pachipatalapo anatibwereka njinga. Agogo anu anandikweza kumbuyo. Tinaima kawiri panjira, ine n'kugwira njinga, iwo n'kulowa m'chimanga cha eni. Tinafika nyimbo zikumvekabe kutchalitchi. Iwo analunjika konko kukadikira akuluakulu pakhomo. Ine ndinapita kwa apongozi aakazi, chifukwa sindinafune kuti nkhaniyo aimve kwa munthu wina.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, atatsamira mzati, nkhope itachepa. Ndinagwada chapatali.

"Amayi, ndakanena kuchipatala."

"Wati anaphika ndani?"

"Ndati tinaphika."

Anayang'ana kubwalo, kumene nkhuku zinkapalasa. Ndinadikira. Anakonza duku lawo, ngakhale linali bwinobwino.

"Mwana wako ali m'nyumbamo. Phala wakana, walira mpaka mawu asasa. Kamutenge."

Ndinalowa. Anali atagona pamphasa, misozi itauma m'masaya. Ndinamunyamula, ndinatuluka naye, n'kukhala pakhonde pomwepo pambali pa apongozi, n'kumuyamwitsa.